Inshuwalansi ya katundu wa chamba chovomerezeka: kaguliridwe kake ndi zoti muchite kuti idzakulipirireni

Fodya akagulidwa ku Chinkhoma, mlimi wathana naye. Belo lapita, ndalama yalowa kubanki, ndipo palibe amene adzabwere pakhomo kudzanena kuti fodya wanu wamudwalitsa. Katundu wa chamba sali choncho. Mafuta a njere, madontho a CBD (chinthu cha m'chamba chosaledzeretsa), sopo kapena mafuta odzola zimafika pa thupi la munthu zili ndi dzina la kampani kapena kopaletive yanu pa botolo. Munthuyo akadwala, kalata ya loya imalondola dzina limenelo.

Kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act mu February 2020, zokambirana za kuno ku Kasungu zakhala za chiphaso, mpanda, mbewu ndi msika. Za inshuwalansi anthu amazikumbukira wogula wakunja akaitanitsa chikalata chake, nthawi itatha kale. Malangizo awa ndi a inu amene mukulima, kufinya, kuika m'mabotolo kapena kugulitsa katundu wa chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala.

Dziwani kaye chimene mukugula

Inshuwalansi imeneyi a makampani amaitchula kuti product liability. Imalipira chipukuta misozi chimene lamulo lakulamulani kupereka kwa munthu wina amene wadwala, wavulala kapena wamwalira chifukwa cha katundu wanu atachoka kale m'manja mwanu. Imalipiranso katundu wa munthu wina amene wawonongeka, monga nkhuku za mlimi zimene zafa zitadya zotsalira za njere zofinyidwa zimene munamugulitsa zili ndi chuku. Pamwamba pa izi imalipira maloya ndi akatswiri okuikirani kumbuyo, ndipo nthawi zambiri ndalama yoyamba kutuluka ndi imeneyi, ngakhale mlandu mudzaupambane.

Sikhudza mbewu yowonongeka ndi matalala kumunda, shedi yopsa, wantchito wopwetekedwa ndi makina, mlendo woterereka pafakitale, kapena katundu wobedwa pa msewu wa M1. Chilichonse mwa izi chili ndi inshuwalansi yakeyake.

Maziko a milandu yotere ndi akale. Mu 1932 khoti lalikulu la ku Britain linagamula mlandu wa Donoghue v Stevenson, wa mayi wa ku Scotland amene anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo momwe munali nkhono yowola. Chigamulo chinali chakuti wopanga katundu ali ndi udindo kwa munthu womugwiritsa ntchito, ngakhale awiriwo sanagulitsane mwachindunji. Makhoti athu amatsata mfundo yomweyo, ndipo tilinso ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2003. Kunja zinthu n'zolimba kuposa apa. Ku European Union ndi ku South Africa wodandaula safunika kusonyeza kuti munachita mosasamala. Akangosonyeza kuti katundu anali ndi vuto ndipo vutolo linamupweteka, wina ayenera kulipira. Kawirikawiri amayamba ndi kampani imene inalowetsa katunduyo m'dziko lawo, kenako kampaniyo imatembenukira kwa inu.

Choyamba: chiphaso chigwirizane ndi zimene mukuchitadi

Palibe kampani ya inshuwalansi imene ingalipire mlandu wochokera ku ntchito yosaloledwa. Chamba chosuta n'choletsedwabe, ndipo zimene zikunenedwa pano sizikuchikhudza. Koma ngakhale inu a chiphaso, onani bwino zimene Cannabis Regulatory Authority, bungwe lopereka ziphaso za chamba, inakulolani. Chilolezo cholima si chilolezo chopanga katundu, ndipo chopanga katundu si chotumizira kunja. Kopaletive yokhala ndi chilolezo cholima yokha ikayamba kufinya mafuta kuseri kwa ofesi n'kumagulitsa pa Santhe, mafutawo alibe chitetezo chilichonse, ngakhale premium, ndalama yogulira inshuwalansi, inalipidwa yonse.

Lembani pa khoma la ofesi tsiku limene chiphaso chimatha ndi tsiku limene policy, mgwirizano wanu wa inshuwalansi, imatha. Katundu wopangidwa m'masabata amene chiphaso chinatha mphamvu ndi khomo lotseguka loti kampani ikanirepo kulipira. Ngati katundu wanu mukumutcha mankhwala, nkhani yake ikhudzanso Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ngati ndi chakudya kapena zodzola, ikhudza Malawi Bureau of Standards. Makalata a mabungwe amenewa aikeni mu fayilo imodzi ndi chiphaso.

Chachiwiri: lembani katundu yense ndi kumene akupita

Tengani pepala, mulembe katundu aliyense payekha: ndi chiyani, amagwiritsidwa ntchito bwanji, mumagulitsa wochuluka bwanji pa chaka, ndalama zake ndi zingati, wogula ndani, ali dziko liti. Owerengera premium amayang'ana zinthu ziwiri kuposa zonse, ndalama zimene mumagulitsa pa chaka ndi kuopsa kwa katunduyo. Ulusi ndi mapesi opangira njerwa kapena zogonera ziweto zili pansi. Sopo ndi zodzola zili pakati. Njere ndi mafuta odya zili pamwambapo. Madontho a CBD ndi maluwa opita ku fakitale ya mankhwala ndiye pamwamba penipeni. Zokokera m'mapapo makampani ambiri amazikaniratu, makamaka chichitikire zimene zinaoneka ku America mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, pamene anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'chipatala ndipo 68 anamwalira ndi matenda a m'mapapo ogwirizana kwambiri ndi vitamin E acetate wothiridwa m'madzi a vape (ndudu zamagetsi) a THC, chinthu cha m'chamba chimene chimaledzeretsa.

Dziko lopitako n'lofunika chifukwa malire a THC sali ofanana. Lamulo lathu limalola chamba cha mafakitale kufika pa 1 peresenti. America, mu lamulo lake la 2018, inaika 0.3 peresenti, ndipo European Union nayo imagwiritsa 0.3 peresenti kumunda kuyambira 2023. Mbewu yoyera pamaso pa lamulo ku Kasungu ikhoza kukhala yoletsedwa ikatsika ndege. Pa chakudya, European Union imalola THC yosaposa mamiligalamu 3 pa kilogalamu ya njere ndi 7.5 pa kilogalamu ya mafuta a njere. Musalembe kuti "timagulitsa ku Lilongwe" pamene mukudziwa kuti wogula wanu wa ku Lilongwe amatumiza katunduyo ku Germany. Lembani kumene katundu amathera.

Chachitatu: zolemba za pa munda ndi pa fakitale

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo tikhalapo pang'ono. Inshuwalansi iyi sigulidwa ndi ndalama yokha. Wolemba policy sanapondepo ku Chamama kapena ku Nkhamenya, ndipo amakuonani kudzera m'mapepala anu basi. Mapepala akakhala osokonekera amakana, kapena amaika mtengo woti muthawe nokha.

Yambani ndi nambala ya batch. Katundu yense wopangidwa limodzi, kuchokera ku zokolola zimodzi, akhale ndi nambala imodzi yolembedwa pa thumba, pa mgolo, pa botolo ndi pa invoice. Nambala ngati M3-0625-02 ikhoza kutanthauza munda wachitatu, zokolola za June 2025, kufinya kwachiwiri. Mukatenga botolo lililonse pa shelefu muzitha kunena munda wake, amene anapopera, mankhwala amene anapopera, tsiku lokolola, chinyezi chake posunga, ndi onse amene anagula batch imeneyo. Musasakanize zokolola za alimi khumi mu batch imodzi musanayeze za aliyense. Thumba limodzi loipa limaipitsa zonse, ndipo simudzadziwa kuti linachoka kwa ndani.

Tsopano zimene zimadwalitsa anthu, chifukwa ndi zimene wolemba policy adzafunsa.

Chuku ndiye mdani woyamba, ndipo alimi a mtedza a kuno amamudziwa bwino. Chuku cha mtundu wa Aspergillus, yemweyo amene anatsekereza mtedza wathu misika ya kunja amameranso pa njere ndi maluwa a chamba, n'kusiya poizoni wa aflatoxin. Ku European Union njere za mafuta zodyedwa ndi anthu zisapose mamaikulogalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu, mlingo womwe uja wa mtedza. Mbewu yokhwima mvula ya March isanathe ndiyo ili pa ngozi kwambiri. Njere ziume mpaka chinyezi chitsike pa 8 kapena 9 peresenti musanazitsekere m'matumba. Maluwa afike pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Kuluma njere ndi mano si kuyeza. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, muzilemba zotsatira za thumba lililonse, ndipo matumba akhale pa mapaleti, otalikirana ndi khoma. Pa maluwa a mankhwala vuto silithera pa poizoni: munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka akhoza kudwala m'mapapo ndi chuku chenichenicho.

Mdani wachiwiri ali m'nthaka. Chamba chimakoka zitsulo monga cadmium, lead, arsenic ndi mercury kuchokera m'dothi n'kuzisunga m'thupi mwake. Minda yambiri ya kuno yalandira feteleza wa phosphate kwa zaka zambirimbiri za fodya, ndipo feteleza wotere amatha kukhala ndi cadmium. Yezetsani dothi ndi madzi othirira musanadzale, osati mutakolola. Zotsatirazo ndi tsamba loyamba la fayilo yanu.

Wachitatu ndi mankhwala ophera tizilombo. Sipuleya imene inapopera nazale ya fodya isagwire chamba, ngakhale mutaitsuka. Gulani ina, muilembe dzina. Njere zodya musazithire Actellic ngati chimanga. Musaziike m'matumba a feteleza. Musaumitse maluwa mu chigafa chimene mukadali fumbi la fodya, kapena mu balani yowotchera ndi nkhuni momwe utsi ungawafike. Ngati woyandikana naye munda amapopera thonje kapena fodya, siyani mpata pa malire, ndipo mizere ya m'mphepete ikololedwe payokha.

Wachinayi ndi THC yopyola mlingo. Imakwera mukachedwa kukolola, choncho tumizani nsonga za maluwa kukayezedwa sabata ndi sabata kukolola kukayandikira. Imakweranso mukabzala njere zosunga nokha kuchokera m'munda umene unalandira mungu wa chamba cha makolo cha pafupi. Mbewu ya chaka chino siisintha, koma ana ake ndi amene amasintha. Pa mafuta a njere, THC sichokera mkati mwa njere koma ku utomoni womatirira pa khungu lake, ndiye kupeta ndi kuyeretsa njere musanafinye ndiko kumatsitsa mlingo. Dalaivala wa lole amene wamwa madontho olembedwa kuti mulibe THC, n'kupezeka nayo pomuyeza kuntchito, ali ndi mlandu womveka pa inu.

Batch iliyonse iyezedwe ku labotale yovomerezeka pa muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo funsani ngati chivomerezocho chikukhudza mayeso amene mukufunawo, chifukwa labotale ikhoza kukhala yovomerezeka pa madzi koma osati pa THC. Chikalata cha zotsatira chimatchedwa COA. Chikhale ndi nambala ya batch yanu, osati chikalata chimodzi cha chaka chatha chomangojambulidwa. Pa batch iliyonse sungani zitsanzo ziwiri zomata bwino, pamalo ozizira ndi amdima, mpaka chaka chimodzi chidutse kuchokera pa tsiku limene katunduyo amatha mphamvu. Tsiku la mlandu, kabotolo kameneko ndi mboni yoposa munthu aliyense.

Pomaliza, lebulo. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2017 anayeza mitundu 84 ya katundu wa CBD wogulidwa pa intaneti, ndipo 26 yokha ndiyo inali ndi mlingo wogwirizana ndi lebulo. Ngati botolo la mamililita 30 lalembedwa mamiligalamu 600, mililita iliyonse ikhale ndi 20, ndipo COA itsimikize. Lembani kamwedwe, tsiku lotha mphamvu, chenjezo kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, chenjezo losunga patali ndi ana, ndi lakuti amene akumwa mankhwala ena afunse dokotala, popeza CBD imasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala monga warfarin ndi ena a khunyu. Chimene tikukupemphani ndi mtima wonse: musalembe kuti katundu wanu amachiza khansa, shuga kapena BP, kaya pa botolo, pa Facebook kapena pa WhatsApp. Munthu akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu anu, moyo wake uli pa chiswe, ndipo policy zambiri sizilipira mlandu wochokera ku lonjezo lotere.

Chachinayi: broker ndi fomu

Pitani kwa broker, osati kwa agent wa kampani imodzi. Agent amagulitsa za kampani yake, pamene broker amaimira inu ndipo amatha kugogoda pa makomo angapo. Onse awiri, pamodzi ndi kampani ya inshuwalansi, ayenera kukhala ndi chiphaso cha Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Pemphani kuona chiphasocho.

Yambani miyezi iwiri kapena itatu katundu woyamba asanatuluke. Chiopsezo cha chamba n'chachilendo, ndipo kampani ya kuno ikafuna kuchilandira imayamba yafunsa makampani a reinsurance amene amaithandiza kusenza katundu wolemera. Iwowo ndi amene amaika mawu ambiri a mu policy, ndipo mafunso awo amatenga masabata. Funsani broker kuti kumbuyo kwa policy yanu kuli reinsurance yotani, komanso ngati iwo avomereza polemba kuti akudziwa kuti katunduyo ndi wa chamba. Musatumize nokha ndalama ku kampani ya kunja imene mwaipeza pa intaneti musanamve kwa broker kapena ku ofesi ya Registrar ngati zimenezo n'zololedwa.

Fomu yofunsira idzazeni nokha, muiwerenge musanasaine. Lamulo la inshuwalansi limafuna kuti muulule chilichonse chimene chingasinthe maganizo a kampani, ngakhale sanakufunseni. Batch imene inalephera mayeso chaka chatha, wogula amene anabweza katundu, kasitomala amene anatuluka zidzolo: zonse zilembedwe, pamodzi ndi zimene munachitapo. Pali chiyeso cholemba kuti "mafuta a mbewu" kapena "zokolola za kumunda" pofuna kuti premium itsike. Kuchita zimenezo ndi kutaya ndalama, chifukwa tsiku la mlandu kampani idzafafaniza policy yonse ngati kuti sinakhalepo. Mawu akuti cannabis kapena hemp aoneke poyera pa tsamba lofotokoza bizinesi yanu.

Chachisanu: werengani policy musanalipire

Pemphani mawu onse a policy, osati tsamba la mtengo lokha. Khalani pansi ndi broker ndi cholembera, mufufuze zinthu izi.

Yambani kumbuyo, ku zimene policy salipira. Policy zambiri za product liability zinalembedwa chamba chisanaloledwe, ndipo zili ndi ndime yokana chilichonse chokhudza cannabis, narcotics kapena controlled substances. Ndimeyi ikatsala, mwagula pepala lopanda kanthu. Ichotsedwe ndi endorsement, kalata yosintha mawu a policy, yolembedwa ndi kusainidwa, osati ndi mawu apakamwa akuti musadandaule. Ina yoopsa mofanana ndi health hazard exclusion, yokana matenda obwera chifukwa chodya, kumwa kapena kupuma katundu wanu. Kwa wopanga njerwa za mapesi ilibe vuto lalikulu. Kwa wopanga mafuta odya imachotsa chifukwa chonse chogulira inshuwalansi. Fufuzaninso ndime zokana chuku, mankhwala ophera tizilombo ndi zitsulo, popeza ngozi zanu zenizeni ndi zimenezo.

Kenako funsani ngati policy ndi ya occurrence kapena ya claims-made. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ya occurrence imalipira ngozi imene inachitika m'chaka cha policy, ngakhale dandaulo lifike patapita zaka. Ya claims-made imalipira dandaulo limene lafika ndi kunenedwa policy ikadali yamoyo. Pa katundu ngati uyu nthawi zambiri mudzapatsidwa yachiwiriyi, ndipo ili ndi tsiku lotchedwa retroactive date: zochitika tsiku limeneli lisanafike sizilipidwa. Tiyerekeze kuti munayamba policy pa 1 July 2025, ndipo chaka chotsatira mwasamukira ku kampani ina yotchipa imene yalemba 1 July 2026 ngati retroactive date. Munthu amene anadwala mu May 2026 n'kudandaula mu September alibe womulipira kupatula inu: kampani yakale ikuti dandaulo lafika policy itatha, yatsopano ikuti ngoziyo ndi yakale. Posintha kampani, kakamirani kuti tsiku loyamba lija lisungidwe. Ndipo musalole kuti padutse ngakhale tsiku limodzi policy isanakonzedwenso.

Chachitatu pa policy ndi malire a malo. Pali territorial limits, kutanthauza kumene ngozi ingachitikire, ndi jurisdiction, kutanthauza makhoti amene chigamulo chawo kampani idzachilemekeza. Policy ikhoza kunena kuti dziko lonse lapansi pa choyambacho koma makhoti a Malawi okha pa chachiwiricho. Wogula wa ku Johannesburg sadzabwera kudzasuma ku Lilongwe. Zonse ziwiri zitchule mayiko amene munalemba pa pepala lija. America ndi Canada pafupifupi nthawi zonse amachotsedwa, ndipo kuwabwezeramo kumakweza mtengo kwambiri. Ngati simukugulitsa kumeneko, lembani mu mgwirizano ndi wogula wanu kuti asatumizeko katundu wanu popanda chilolezo chanu.

Chomaliza ndi recall, kuitanitsa katundu kuti abwerere. Product liability imalipira munthu wopwetekedwa, koma silipira mtengo wolengeza, kutolera mabotolo m'masitolo, kuwanyamula, kuwawononga ndi kubweza ndalama za ogula. Silipiranso katundu wanu amene wakanidwa pa doko chifukwa THC yapyola. Kwa wopanga chakudya kapena madontho, kuitanitsa katundu n'kumene kumachitika kawirikawiri kuposa mlandu wa kukhoti, choncho funsani mtengo wowonjezera ndime ya recall.

Chachisanu ndi chimodzi: mlingo wa ndalama

Pali manambala atatu. Loyamba ndi malire a ngozi imodzi, lachiwiri ndi malire a chaka chonse, lachitatu ndi excess, ndalama imene mumayamba mwalipira nokha. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe.

Tinene kuti malire ndi K200 miliyoni. Funsani ngati ndalama za maloya zili mkati mwa malirewo kapena pamwamba pake. Zikakhala mkati, ndipo maloya ndi akatswiri adya K60 miliyoni, yotsala yolipira odandaula ndi K140 miliyoni, ndipo zopyola apo n'zanu. Tinenenso kuti excess ndi K2 miliyoni, ndipo batch imodzi yadwalitsa anthu 30. Ngati excess imawerengedwa pa dandaulo lililonse, mulipira K60 miliyoni kampani isanatulutse tambala. Ndime yotchedwa batch clause imatenga madandaulo onse a batch imodzi ngati ngozi imodzi, ndiye excess ndi imodzi. Koma dziwani mbali yake ina: anthu 30 onsewo adzagawana malire a ngozi imodzi. Mukapempha batch clause, malirewo akhale okwanira.

Amene mukugulitsa kunja, ganizirani za kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Malire a K200 miliyoni amene anali pafupifupi madola 169,000 anasanduka madola 118,000 tsiku limodzi, pamene mlandu wa ku Ulaya umawerengedwa mu ndalama zawo. Funsani ngati malire angalembedwe mu dola. Zikakanika, gwirizanani kuti muziwaunikanso kwacha ikagwa, osadikira kutha kwa chaka. Wogula wakunja nthawi zambiri amatchula yekha mlingo umene akufuna mu mgwirizano, choncho muoneni mgwirizanowo musanagule policy.

Premium amaiwerengera pa ndalama zimene mukuyembekeza kugulitsa, ndipo kumapeto kwa chaka mumanena zenizeni kuti akonze. Musachepetse dala. Ilipireni pa nthawi yake ndi kusunga lisiti, ndipo tsimikizani kuti yafikadi ku kampani.

Migwirizano ndi alimi komanso ogula

Dzina la pa policy likhale lomwe lili pa chiphaso ndi pa lebulo. Kopaletive ikagulitsa m'dzina lake, policy ikhale ya kopaletive, osati ya wapampando. Ngati mumagula kwa alimi ozungulira, mgwirizano wa aliyense unene mbewu yololedwa, mankhwala oletsedwa, chinyezi cholandirira ndi ufulu wanu wokana katundu. Kunena zoona, mlimi wa maekala awiri sangabweze ndalama za mlandu wa ku Ulaya, ndiye chitetezo chanu chenicheni ndi kuyendera minda ndi kuyeza polandira. Wokugulitsani mabotolo, zivundikiro kapena mafuta osakanizira akupatseni COA yake, ndipo ngati ndi kampani yaikulu, chikalata cha inshuwalansi yake.

Wogula wamkulu angapemphe kulembedwa pa policy yanu ngati additional insured, kuti nayenso atetezedwe nayo. N'zachizolowezi, koma kampani ivomereze polemba. Chenjerani ndi ndime ya mu mgwirizano yonena kuti mudzalipira chilichonse chimene chingachitike, ngakhale cholakwa chili chawo. Policy silipira udindo umene mwausenza mwa kusaina kokha, woposa umene lamulo likanakupatsani. Onetsani broker mgwirizano uliwonse musanausaine.

Dandaulo likafika

Mwina lidzabwera pa foni, mwina pa WhatsApp, mwina kudzera kwa mwini sitolo. Funso loyamba likhale la munthuyo: ali bwanji, wapita kuchipatala? Mulimbikitseni apite, asiye kugwiritsa ntchito katunduyo, ndipo asunge botolo ndi zotsala. Lembani dzina, tsiku, nambala ya batch, kumene anagula ndi zimene akumva.

Tsiku lomwelo imitsani batch yonse imene ikadali m'nkhokwe, ndipo dziwitsani broker ndi kampani polemba, ngakhale munthuyo sanatchule za ndalama. Pa policy ya claims-made, chinthu chimene mwanena chaka chino chimawerengedwa cha chaka chino ngakhale samani idzabwere mtsogolo. Chimene mwabisa n'kudzatulukira policy itakonzedwanso chikhoza kukanidwa.

Mwambo wathu ndi wakuti munthu akapwetekedwa timapita kukapepesa, mwinanso ndi kangachepe m'manja. Kukamuona ndi kumumvera chisoni n'koyenera. Koma musavomere kuti cholakwa ndi chanu, musalonjeze ndalama, musasaine kalikonse kwa amfumu kapena kupolisi kokhudza kulipira, kampani isanavomereze. Pafupifupi policy iliyonse imaletsa zimenezi, ndipo kuphwanya ndimeyi kumapatsa kampani chifukwa chokanira. Uzani ogulitsa anu ndi amene amayankha foni kuti adziwe zonena. Kalata ya loya kapena samani ya kukhoti ipite ku kampani tsiku lomwelo, musanayankhe.

Chitsanzo chimodzi mwa ziwiri zija chitumizeni ku labotale mutagwirizana ndi kampani, chinacho chikhale chomata. Musataye kapena kukonza zolemba zilizonse, ngakhale zikuonetsa cholakwa. Ngati zotsatira zasonyeza kuti anthu ena ali pa ngozi, itanitsani katundu ndi kudziwitsa mabungwe okuyang'anirani mosadikira kuti nkhani ya ndalama ithe. Kuti tsiku limenelo lisakupezeni osakonzeka, kamodzi pa chaka sankhani batch imodzi n'kuyesa kupeza onse amene anaigula pa tsiku limodzi la ntchito. Zotsatira za kuyesaku zilembeni, muzikaonetsa pokonzanso policy.

Kampani ikakana kulipira, pemphani chifukwa chake polemba, chotchula ndime. Dandaulani kaye kwa akuluakulu a kampaniyo, ndipo zikakanika pitani nazo ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions.

Mukaganiza zosiya bizinesi kapena kusiya kupanga katundu wina, musangoleka kulipira. Mabotolo anu akadali m'masitolo ndi m'makabati a anthu, ndipo malamulo amapatsa wopwetekedwa zaka zingapo zosumira. Ku European Union wopanga katundu amakhala ndi udindo mpaka zaka 10 kuchokera pamene katunduyo analowa pa msika. Pemphani run-off cover, kapena nthawi yowonjezera yonenera madandaulo, policy yomaliza isanathe, ndipo fayilo ya ma batch, ma COA ndi policy zonse zakale isungidwe ndi munthu wodziwika kwa zaka zonsezo.